Wopempha Sapatsidwa Chikwama

Tsiku limene a Hippolyte Sarrazac, mpondamatiki wa zikwama, mafuta onunkhira, mawotchi ndi vinyo wa shampeni, analowa koyamba m'sitolo yawo yomwe ngati kasitomala, mu Paris munkagwa kamvula kosautsa kaja kosatha. Akazi awo, a Clotilde, anali atalongedza kale sutikesi, atanenetsa kuti akwera sitima yamadzulo kupita kwa mng'ono wawo ku Bayonne osabweranso, pokhapokha amuna awowo atawabweretsera chikwama chotchedwa dzina lawo chija, chogula okha pa kauntala ngati munthu wamba, osaimbira foni munthu aliyense.

Ife amene tinagwirako ntchito kwa Sarrazac tikudziwa kuti apa mayiwo anamanga mfundo yovuta kumasula. Chikwama cha Clotilde sichigulidwa chisawawa. Bwanayo ndiye anakhazikitsa lamulo loti wopempha asapatsidwe, chizipita kwa yekhayo amene akuoneka kuti alibe nacho ntchito, ndipo lamulo limenelo ndi limene linawalemeretsa. Nkhope yawo sitinkaidziwa, chifukwa ankakana kujambulidwa, amvekere chinthu chooneka kawirikawiri chimatsika mtengo. Ndiye tsoka lake, pa kauntala tsiku limenelo panali Mayi Gisèle Tournadre, munthu amene malamulo a kampani anawameza ndi minga yomwe.

“Mwaswera bwanji, bambo? Tikuthandizeni chiyani?”

“Ndikufuna Clotilde. Chachikopa cha ng'ona, chakuda. Fulumirani.”

Mayi Tournadre anamwetulira kumwetulira kumene anatiphunzitsa tonsefe, kwa milomo yokha.

“Pepani, bambo. Lero palibe.”

“Nanga chili pawindopo n'chiyani?”

“Chimenecho n'choonera.”

“Ndiye ndachiona. Tsopano ndipatseni.”

“Ngati mwachiona, bambo, ndiye kuti chagwira ntchito yake.”

A Sarrazac anapukuta madzi amvula pa dazi ndi dzanja, n'kuloza kachitseko kamene kanali kuseri kwa kauntala.

“Kuseri kwa chitseko icho kuli kabati yachitsulo. M'kabatimo muli chikwama.”

“Mwina muli.”

“Muli kapena mulibe?”

“M'kabati mukhoza kukhala muli. Koma lero palibe.”

“Kodi m'kabati ndi lero n'zosiyana?”

“N'zosiyana kwambiri, bambo. Ndipo ndikuchenjezeni mwachikondi. Mukamapempha mobwerezabwereza chonchi, chikwamacho chimanka chitalikira. Mmene mumalowa muja munali nacho pafupi kuposa pano.”

Bwanayo anapsa mtima, makutu mpaka kufiira. Moyo wawo wonse anakhala akumva kuti mawu oti lero palibe ndi okoma, kuti amachititsa olemera kugona akulota chikopa, ndipo ankawabwereza m'misonkhano anthu n'kumaomba m'manja. Koma anali asanawamvepo akulunjika pa iwo. Anaweramira pa kauntala n'kutsitsa mawu, poganiza kuti kunong'ona si kuimba foni.

“Mayi, mukundidziwa ine?”

“Ayi, bambo.”

“Ndine Sarrazac.”

“Oo. Khalani pampando apa, ndikubweretsereni madzi.”

“Madzi a chiyani?”

“Lamulo limati munthu akalowa n'kunena kuti ndi Sarrazac, timupatse mpando ndi madzi, tisamutsutse. Sabata yatha kunabwera wina wamtali, wa ndevu. Anamwa madzi ake bwinobwino n'kumapita.”

“Lamulo limenelo ndinapanga ndine.”

“Ndiye mukulidziwa, bambo. Ozizira kapena a thovu?”

Anawauza kuti safuna madzi, safuna mpando, akufuna chikwama. Mayi Tournadre anabweretsabe madziwo pa kambale kasiliva, n'kuwafotokozera modekha mmene nkhaniyo ankaionera. Ngati iwo sanali a Sarrazac, ndiye kuti anali munthu wopempha, ndipo wopempha sapatsidwa. Ngati analidi a Sarrazac, ndiye kuti abwera kudzayesa antchito, ndipo mayi wa zaka zawo sangaswe lamulo pamaso pa mwini lamulo, ntchito n'kutha kutangotsala pang'ono kuti apume.

“Ndiye kuti ndikakhala ine simundipatsa, ndikakhala wina simundipatsa.”

“Mwamvetsa msanga, bambo. Ena amachedwa.”

Dzanja la a Sarrazac linapita m'thumba la jekete n'kutulutsa foni. Dzina la mkulu wa masitolo onse linali pompo, kungodina basi, chikwama chikanatuluka m'kabati chikuthamanga ndi miyendo yake. Koma a Clotilde ankamwa tiyi ndi akazi a mabwana onse a kampaniyo, ndipo nkhaniyo ikanawapeza sitima isananyamuke. Anaiyang'ana foniyo momvetsa chisoni n'kuibwezera m'thumba.

“Chabwino. Ndikuuzani zimene wabodza sangadziwe. Ine ndinabadwira ku Millau, pamwamba pa kamsasa kosokera magolovesi. Bambo anga ankanunkha zikopa moti kutchalitchi ankakhala pa benchi lawolawo. Ndinabwera ku Paris ndi sutikesi yamakatoni yomanga ndi chingwe.”

“Pepani kwambiri, bambo.”

“Sindikufuna pepani. Ndikukuuzani mbiri ya mwini sitolo ino.”

“Ayi, ya mwini sitolo ndikuidziwa. A Sarrazac anabadwira m'nyumba yachifumu m'mbali mwa mtsinje wa Loire. Anayamba kukwera kavalo asanayambe kuyenda.”

“Kavalo ndimamuopa mpaka lero.”

“Mwaonatu.”

“Sitolo ino ndinaigula kwa mdala wina chidakwa wosoka zishalo za akavalo. Makasitomala analibe, akavalo anali atatha mumzinda muno. Ankagona pansi pa kauntala yomwe mwatsamirayo.”

Mayi Tournadre anachotsa chigongono pa kauntala, nkhope itasintha.

“Musanyoze akufa, bambo. Amene anayambitsa nyumba ino ankasokera mafumu zishalo. Chithunzi chawo ndi icho chili pakhomacho.”

“Chithunzi icho ndinachigula pa msika wa zakale. Sindikudziwa n'komwe kuti ndi ndani, ndinangokonda ndevuzo. Mafumu, akavalo, mtsinje, zonsezo ndinalipira munthu kuti apeke. Anali wolemba zotsatsa sopo.”

“Ndiye mukuti bwana wathu ndi wabodza?”

“Ndikuti wabodza ndine.”

“Izo ndaziona kale, bambo.”

A Sarrazac anamwa madzi aja osadziwa kuti akumwa. Kenako anayamba kufotokoza za nkhondo zawo, poti munthu wolemera ukamutsekera pakona amayamba kuwerenga mitu ya adani ake. Ananena za banja la ku Reims limene analilanda minda ya mphesa atadya nalo chakudya cha Khirisimasi, za abale awiri a mawotchi ku Geneva amene anawayambanitsa kuti agule onse awiri motchipa, ndi za kampani ya mafuta onunkhira imene anaigula chifukwa choti mwini wake anawaseka katchulidwe ka kumudzi. Mayi Tournadre ankamvetsera mutu uli chopendekera, ndipo atamaliza anawauza kuti bwana wawo sagula makampani, amangowalandira m'banja.

“Nanga chaka chija chuma chinasokonekera, anthu osagula? Anatentha zikwama ndani kuti mtengo usatsike? Ndine. Ndinaimirira pomwepo, utsi wa ng'ona ukundilowa m'maso.”

“Kuno sititentha katundu, bambo. Timamupumitsa.”

“Pamoto.”

“Pamalo ofunda.”

Bwanayo anayang'ana panja. Mvula inali isanakate, ndipo magetsi a magalimoto anali atayamba kuoneka mumsewu. Anafunsa, mawu atafewa pang'ono, kuti munthu wamba amatani kuti achipeze chikwamacho. Funso limeneli Mayi Tournadre analikonda, mpaka anakonza kolala ya bulauzi.

“Amayamba wapanga ubale ndi nyumba ino. Amabwera, amagula kanthu kakang'ono, amapita. Amabweranso. Pakapita zaka timayamba kumuzindikira.”

“Ndilibe zaka. Ndili ndi madzulo ano okha.”

“Ndiye tiyambe ndi mbale ya galu.”

“Ndilibe galu.”

“Amene amagula nawonso alibe.”

“Nanga amadyetseramo ndani?”

“Sadyetseramo, bambo. Amadikiriramo.”

Anatulutsa mbaleyo n'kuiika pa kansalu kofewa, kenako burashi ya kavalo, kenako kachikwama kachikopa kosungiramo kiyi mmodzi yekha. A Sarrazac anazindikira zonsezo. Anakumbukira msonkhano umene anaseka mpaka misozi ponena kuti munthu wofuna Clotilde akhoza kugula ngakhale chotokosera m'mano cha njovu.

“Kulungani zonse. Mbale, burashi, mipango yonse ili apoyo, malamba, ndi mpando ndakhalirawu. Ubale wathu wayamba, ndipo wakula. Tsopano bweretsani chikwama.”

Mayi Tournadre anayamba kubwezera zinthuzo m'malo mwake chimodzichimodzi.

“Mukutani?”

“Njala yotere imaonekera, bambo. Munthu wogula zonse tsiku limodzi ndiye kuti akufuna kanthu. Ndipo wofuna kanthu...”

“Sapatsidwa. Ndikudziwa. Musandiuzenso.”

Anadzuka n'kuyenda uku ndi uku m'sitolomo, manja kumbuyo, nsapato zonyowa zikulira pa kapeti. Kenako anaima. Munthu amene anapusitsa mabanki a mayiko atatu sangalephere mayi mmodzi wa pa kauntala. Anabwerera akuyenda mwaulesi, akuyasamula, n'kutsamira chammbali.

“Mukudziwa, mayi, ndaganiza bwino. Chikwamacho sindikuchifuna.”

“Zikomo pobwera, bambo. Muyende bwino.”

“Ayi, dikirani. Ndati sindikuchifuna.”

“Ndamva. Chitseko ndi icho, mlonda akuitanirani takisi.”

“Mayi inu, lamulo limati wosafuna ndi amene amapatsidwa.”

“Limatero.”

“Ndiye ine sindikufuna.”

“Simukufuna kuti mupatsidwe?”

“Eya.”

“Ndiye kuti mukufuna.”

“Sindikufuna.”

“Ndiye muyende bwino.”

A Sarrazac anagwira mutu ndi manja onse awiri. Mayi Tournadre, poti mtima wawo si woipa, anawalangiza kuti kusafuna n'chinthu chophunzira, sichibwera tsiku limodzi. Anati pali mayi wina wa ku Monaco amene anayeserera zaka zambiri, akulowa n'kumayang'ana denga, mpaka tsiku lina anasafunadi, ndiye anapatsidwa. Ngati bambowo akufuna, akhoza kuyesa pompo, iwo awauza pamene pakuperewera.

Ndiye mpondamatiki uja, munthu amene nduna zinkaimirira akamalowa, anaima pakati pa sitolo yake n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

“Bwanji pamenepa?”

“Khosi lili bwino. Koma diso lakumanzere likuthawira ku kachitseko.”

“Pano?”

“Chala chikugogoda ntchafu. Munthu wosafuna sagogoda.”

“Chikwama chake n'chonyansa,” anatero a Sarrazac, akuyang'anabe kudenga. “Chili ngati chule wotupa. Chogwirira n'chachifupi, loko wake amathyola zikhadabo, ndipo ukaikamo ambulera sichitsekeka. Ngakhale mutandipatsa ulere ndikhoza kukachitaya mumtsinje wa Seine.”

“Bambo, m'nyumba muno simunyoza Clotilde.”

“Ndikuonetsa kusafuna.”

“Kumeneko n'kudana nacho. Wodana ndi chinthu amachiganizira usiku wonse. Ameneyo ndi wofuna woopsa kuposa onse.”

“Nanga nditani?”

“Musamve kalikonse. Mungokhala ngati munthu amene akudikira basi yoti sakwera.”

Anayesa. Anatsitsa mapewa, analekerera mlomo, maso anangoti gwa pakhoma. Mayi Tournadre anawazungulira pang'onopang'ono akuwayang'anitsitsa, kenako anagwedeza mutu mokhutira.

“Pali kusintha kwakukulu, bambo. Mukapitiriza chonchi kunyumba, mudzabwere chilimwe chikubwerachi tidzaonenso.”

Apa ndi pamene a Sarrazac anasiya kuyesa. Anakhala pa mpando uja, osati mwaubwana, koma ngati nkhalamba imene yatopa. Ine a Sarrazac sindiwakonda. Anatiimiritsa zaka zambiri pa nsapato zazitali tikunamiza anthu kuti lero palibe, misana mpaka kupindika. Koma mmene Mayi Tournadre ankandifotokozera gawo ili, ndinawamvera chisoni, ndipo zinandinyansa kuti ndawamvera chisoni.

“Mayi, Clotilde si chikwama. Ndi mkazi wanga.”

“Ambiri amachikonda choncho, bambo.”

“Ndikunena munthu. Wa miyendo iwiri. Choyamba chenicheni anasoka ndi iyeyo, pa tebulo la m'khitchini, ndi zidutswa za chikopa zimene ndinkatola kwa mdala wa zishalo uja. Anasokera yekha, kuti aziikamo tinthu take. M'mawa mwake ndinachibwereka kukaonetsa mayi wina wa m'mafilimu, ndipo sindinabwere nacho. Ndinamuuza kuti chachiwiri n'chake. Chachiwiri anatenga mkazi wa nduna. Kenako tinalemera, ndipo munthu ukalemera umayesa kuti wapereka kale zonse.”

Mayi Tournadre anangowathirira madzi ena.

“Anapempha kamodzi kokha. Tinali pa chakudya, alendo ali tho. Anati, Hippolyte, nanga changa chija? Ine ndinakweza tambula n'kunena kuti wopempha sapatsidwa. Alendo anaseka kwambiri. Nayenso anaseka. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti anasekadi.”

“Ndiye lero akuchoka?” anafunsa Mayi Tournadre.

“Sitima yamadzulo. Makampani ndikhoza kugula ena. Koma nyumba ija ikakhala yopanda iye, ine sindidziwa n'komwe kumene kumakhala makapu. Ndikuopa, mayi. Sindinaopepo chonchi.”

Mayi Tournadre anatulutsa kampango m'thumba, n'kupukuta pakona pa diso mosamala kuti asafute utoto.

“Nkhani yanu yandikhudza, bambo. Mwa a Sarrazac onse amene anabwerapo muno, inu ndi amene mwaikonza bwino. Ndiye ndikuuzani zimene sitinena. M'kabatimo mulidi chikwama. Chakuda, cha ng'ona.”

A Sarrazac anadzuka.

“Koma chili ndi mwini wake kale.”

A Sarrazac anakhalanso.

Mayiwo anafotokoza kuti m'mawa wa tsiku lomwelo munalowa mayi wina wachikulire, wa imvi zodula mwachidule, atavala chikhoti chakale chobiriwira, akukoka sutikesi. Sanayang'ane pawindo, sanayang'ane mashelefu. Anangoima pakati pa sitolo n'kunena kuti abwera kudzaona malowo komaliza. Atapatsidwa mpando anakana. Khofi anakana. Mpango watsopano umene anthu akuulimbirana anauyang'ana ngati chopukutira mbale.

“Bambo, ine ndakalambira pa kauntala ino, koma kusafuna kotero sindinakuonepo. Kunali kochokera pansi pa mtima. Thupi lonse linandichita tsemwe. Ndinavala magolovesi oyera, ndinatsegula kabati, n'kuwaikira chikwama patsogolo.”

“Chikhoti chobiriwira,” anatero a Sarrazac chapansipansi. “Cha mabatani osiyana?”

“Limodzi linali losiyana, inde.”

“Ndiye anachitenga?”

“Anachikana.”

“Ngati anachikana ndiye chilipo. Ndigulitseni.”

“Iii, bambo, mwaiwala lamulo lanu lomwe? Akanachilandira msanga ndikanakayika. Koma anachikankha ndi chala chimodzi, osachiyang'ana n'komwe. Chimenecho n'chawo mpaka imfa. Galimoto yoperekera katundu ikuwapititsira madzulo ano. Ndinawafunsa kokawapeza, anati ku siteshoni ya Montparnasse, ndipo tisayerekeze kuwatsatira. Ndiye tikuwatsatira.”

Bwanayo anagwira mphepete mwa kauntala, nkhope ikuwala ngati mwana. Anati ameneyo ndi Clotilde, palibenso wina, chikhoti chimenecho anachigula asanakwatirane ndipo amakana kuchitaya. Ngati anabwera mpaka m'sitolo ndiye kuti mtima sunachokeretu. Munthu amene watsimikiza kupita sadutsira pa ntchito pa mwamuna wake. Anafunsa mwachangu ngati mayiwo ananenapo kanthu za iwo.

“Za mwini sitolo ananenapo.”

“Anati chiyani?”

“Mukufuna monga mmene ananenera?”

“Liwu ndi liwu.”

Mayi Tournadre anaimirira chilili, manja pamimba, monga ankachitira polakatula malamulo.

“Anati chikwama sachifuna. Sitolo saifuna. Dzina limene lili pakhomopo salifuna, akabweza kwa eni ake. Ndipo mwini wakeyo samufuna, samufuniratu, ngakhale titamupukuta ndi polishi.”

Kuwala kuja kunazima. A Sarrazac anayang'ana nsapato zawo zonyowa kwa kanthawi, kenako anatenga chipewa, n'kukumbukira kuti sanabwere ndi chipewa, chimene anagwiracho chinali cha pa shelefu. Anachibwezera bwinobwino n'kuyamba kulowera kukhomo, akukoka miyendo.

Mayi Tournadre anali atakwinya pamphumi, milomo ikuyenda ngati munthu amene akuwonkhetsa zinthu m'mutu.

“Bambo, taimani kaye. Mwati mwini wake ndinu?”

“Ndakhala ndikunena kuyambira masana.”

“Mayi aja anati mwini wake ndi wamfupi, wouma mutu, wosadziwa kupempha. Kufupika ndi kuuma mutu ndaona. Koma inu mwapempha kuyambira polowa.”

“Ine kupempha? Sindinapemphepo munthu chibadwire. Kumene kuja n'kulamula.”

“Ndiye ndinu amene.”

“Zilibenso ntchito tsopano.”

“Zili ndi ntchito kwambiri, bwana.” Anatsegula kabati ya pansi pa kauntala n'kutulutsa magolovesi oyera. “Lamulo limati chimene kasitomala wakana ndi mtima wonse chiperekedwe kwa iye tsiku lomwelo. Chikwama anachikana kamodzi. Inu anakukanani kawiri, mpaka mawu kunjenjemera.”

A Sarrazac anatembenuka.

“Ananjenjemera?”

“Pa chikwama ayi. Pa inu.”

“Ndiye mukuti...”

“Ndikuti galimoto ili kuseri, ikunyamuka pompano. Mukhala kumbuyo, pakati pa makatoni, ndipo musatsamire chitseko.”

“Nanga akakandikananso pamaso pa anthu?”

“Ndiye kuti ndinu awo mpaka kalekale. Muziopa akakanena kuti akukufunani, chifukwa ndikakubwezani m'kabati.”

Analowa kuseri kwa kachitseko kaja n'kutuluka atanyamula bokosi lalikulu pa manja awiri, mosamala ngati khanda. Anafunsa ngati bwanayo akufuna kukulungidwa m'pepala kapena apita momwemo, ndipo bwanayo anati apita momwemo. Kenako a Sarrazac, maso ali pa bokosilo, anatambasula manja awo.

“Mayi, chonde. Ndinyamule ndine.”

Mayi Tournadre anawamenya pang'ono pa dzanja ndi golovesi.

“Ayi, bwana. Katundu sanyamula katundu mnzake.”